GOLIDI WA M'MPANGO: ALIPIRE NDANI?

Abale ndi alongo a Nthambi ya Ndunde,

Nkhani imene ndifuna kuika pamaso panu lero ambiri mwaimva kale, ena pa chigayo, ena pa mjigo, ena kogulitsira mkaka, ndipo konseko ikukambidwa ndi kuseka. Ine sindiona choseketsa. Mnzathu mmodzi wa muno m'Nthambi, munthu wa khama pa munda ndiponso wosajomba pa misonkhano, wataya ng'ombe yake ya mkaka pamodzi ndi ndarama zonse za nandolo, ndipo chimene watsala nacho ndi tizitsulo tinai tachikasu tomangidwa m'mpango. Dzina lake sinditchula, pakuti manyazi amene ali nao amkwanira.

Zinayenda motere. Kunadza amuna awiri achilendo, nati achokera ku Makanjira m'boma la Mangochi, kumene anthu amasefa golidi m'mitsinje. Anati galimoto lawafera pa njira, afuna ndarama msanga, chotero agulitsa katundu wao pa theka la mtengo. Amene anawalondolera ku nyumba ya mnzathuyu ndi mlamu wake weni-weni, mlongo wa mkazi wake. Alendowo anapereka kachidutswa kakang'ono ngati njere ya mapira kuti akayese yekha kumene afuna. Anapita nako ku Limbe kwa mmisiri wosula mphete, ndipo mmisiriyo anati ndi golidi ndithu, nakagula pomwepo pa mtengo wokondweretsa. Mtima unakhala pansi. Ng'ombe inagulitsidwa mofulumira, ndarama zinaperekedwa usiku kuseri kwa nyumba, mpango unalandiridwa. Patapita masiku atatu anabwerera ku Limbe ndi tizitsulo tonse tinai. Mmisiri anapala pa ngodya ndi tupa, nadonthezapo asidi, ndipo panatuluka thovu lobiriwira. Unali mkuwa wosakaniza, wonga wa mipope ya madzi.

Alendo aja sanaonekenso, ndipo lamya zao zinazima tsiku lomwelo. Mlandu tsono watsala pakati pa munthu ndi mlamu wake. Ine ndinaitanidwa kwa Amfumu monga Mlembi wa Nthambi, popeza onse awiri ndi mamembala athu, ndipo ndinamva ndi makutu anga. Wogula anati, "Alamu, anthu aja ine sindinawadziwe. Ndinadziwa inu. Bwezani ng'ombe yanga." Mlamu anayankha nati, "Alamu, kodi ku Limbe sanakuuzeni kuti ngweni-weni? Anthu aja anakulangizani kuti musamasule mpango kufikira masiku atatu, ndi kuti munthu wamkazi asaukhudze. Ngati kunyumba kwanu analakwira malangizo ndipo golidi wasanduka, mlandu ngwanga ine?"

Ndiyambe ndi mau awa akuti golidi wasanduka, chifukwa ndaona anthu akulu-akulu akugwedeza mitu movomereza. Golidi sasanduka, abale anga. Ulemu wake wonse pa dziko lapansi uli pomwepa, kuti sachita dzimbiri, sadyeka ndi madzi, satha ndi moto wa m'ng'anjo. Amakhala m'matope a mtsinje zaka zosawerengeka natuluka ali chomwecho. Kodi chinthu chimene chinapirira zonsezi chingaope dzanja la mai wa ku Ndunde? Masiku atatu aja anali a ulendo wa akubawo, kuti pomasula mpango akhale atafika kutali. Ndipo lamulo lakuti mkazi asakhudze linali lotsekereza munthu mmodzi yekhayo m'nyumbamo amene akanafunsa kuti, kodi ng'ombe yathu ikupita chifukwa cha tizitsulo timeneti? Kachidutswa koyamba kanali koona, inde. Msodzi naye amaika nyongolotsi yeni-yeni pa mbedza.

Chondiwawa n'chakuti chinyengo chotere chikanagwidwa muno momwemo, popanda kukwera minibasi. Golidi ndi wolemera modabwitsa: aposa madzi kulemera nthawi 19, pamene mkuwa wosakaniza uposa madzi nthawi 8 kapena 9 zokha, ndipo mwala wonyezimira uja wotchedwa pyrite, umene umapusitsa ambiri m'mitsinje, nthawi 5. Kilogalamu yathunthu ya golidi ndi kachitsulo kochepa kuposa lamya ya m'manja. Mphunzitsi ali yense wa sayansi pa sekondale angakuyesereni: ayese chitsulocho pa sikelo ya magalamu, kenaka aike kapu ya madzi pa sikelo yomweyo, amize chitsulo chomangidwa pa ulusi chosakhudza pansi, aone magalamu amene aonjezeka, nagawe nambala yoyamba ndi yachiwiri. Golidi wa mu mtsinje apereka pakati pa 15 ndi 19. Yankho likakhala 8, bwezani mpango kwa eni ake. Nzeru imeneyi si ya dzulo. Amati anaitulukira Archimedes wa ku Syracuse, Ambuye Yesu asanabadwe, pamene mfumu yake inakaikira mmisiri amene anaisulira chisoti. Golidi ndi wofewanso: mukammenya ndi nyundo amaphwatalala, pamene pyrite amasweka n'kukhala fumbi lakuda. Za maginito musadalire, pakuti mkuwa nawonso sugwidwa ndi maginito. Ndipo ngakhale zonsezi zitayenda bwino, mau otsiriza akhale a katswiri, chifukwa chilipo chitsulo china chotchedwa tungsten chimene chimalemera pafupi-fupi ngati golidi, ndipo mbava za m'mizinda yaikulu zimachikuta ndi golidi pamwamba.

Inu amene mukuseka kuti mnzathu wapusitsidwa chifukwa ndi munthu wa kumudzi, tamverani izi. Mwezi wa August 2023, pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka, Boma la Zambia linagwira ndege yochokera ku Cairo m'dziko la Egypt. M'menemo munapezeka ndarama za ku America zoposa madola 5.6 miliyoni, mfuti zazing'ono zisanu, ndi zitsulo 602 zolemera makilogalamu 127 zimene onse anayesa golidi. Akatswiri ataziyesa, Nduna ya Migodi ya dzikolo, a Paul Kabuswe, inalengeza kuti zinali mkuwa ndi zinki, ndi tizitsulo tina pang'ono. Tsono ngati zitsulo zotere zingazunguze anthu oyenda pa ndege yao-yao, osenza madola m'matumba, mlimi wa nandolo walakwa chiani choposa iwo? Chikome-kome cha mkuyu sichisankha wodya.

Ndiponso tisachite ngati sitidziwa chimene chimakankha munthu. Kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mwezi wa May 2022, inagwetsedwanso ndi 44 pa 100 mwezi wa November 2023, ndipo pakati pa ziwirizi namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba muno m'Chiradzulu mwezi wa March 2023. Munthu akasunga ndarama za nandolo m'chitini, pofika nthawi ya feteleza apeza kuti zafota. Pamenepo amva pa wailesi kuti golidi akukwera-kwerabe, kufikira mwezi wa October 2025 anapyola madola 4,000 pa aunsi imodzi, ndiyo magalamu 31. Mbava zimamvanso wailesi yomweyo, ndipo zimadziwa nyengo imene mlimi ali ndi ndarama m'thumba.

Tsopano, alipire ndani? Ndinena maganizo anga poyera, ngakhale ndidziwa kuti mbali zonse ziwiri zindikwiyira.

Mlamu sangasambe m'manja. Anavomera yekha pamaso pa Amfumu kuti alendo aja anampatsa kangachepe chifukwa chowapezera wogula. Imeneyo ndi nyama ya ng'ombe ya mlongo wake, ndipo aibweze yonse, osachotsapo ngakhale tambala. Koma kubweza kokhako sikukwanira. Kwathu kuno munthu akaimira mlendo nati, "Uyu ndimdziwa," wasanduka mboni, ndipo zinthu zikaipa amafunsidwa ndiye. Iye anaimira anthu amene anakomana nao pa msika dzulo lake, osadziwa mudzi wao, mfumu yao, ngakhale dzina la pa chitupa chao. Ndamvanso kuti pomlimbitsa mtima wogula anati, "Ife ndife a Chipani chimodzi, sindingakunamizeni." Mau amenewa andipweteka koposa. Kadi ya Chipani si sikelo, ndipo amene aigwiritsa nchito pa malonda a usiku akunyozetsa tonse. Chotero ndiganiza kuti ayenera kusenza gawo la mtengo wa ng'ombe, nalipire pang'ono-pang'ono pa zokolola, monga akulu a mbumba angagwirizanire.

Koma ng'ombe yonse, iai. Wogula sanali mwana. Anauzidwa kuti katundu ndi wa theka la mtengo chifukwa eni ake ali pa mavuto, ndipo mtima wake unakondwera kuti adyerepo pa tsoka la anzake. Anavomera kulipira usiku, popanda mboni, popanda kalata, Amfumu osadziwa. Munthu yemweyu pogula mbuzi amaitsegula kukamwa, pogulitsa nandolo amakangana ndi wavenda za sikelo kufikira dzuwa litapendeka. Koma pa tsiku lopereka chuma cha banja lonse anavomera kusamasula mpango. Ameneyo sanakankhidwe ndi mlamu yekha.

Ndipo pa bwalo paja panali munthu wachitatu amene sanafunsidwe kanthu. Mai wa nyumbayo ndiye ankamweta udzu wa ng'ombe, ndiye ankadzuka m'mamawa kukama, ndipo munda wa nandolo uli pa nthaka ya makolo ake, monga mwa chikamwini chathu. Lero mwamuna wake ndi mlongo wake sakupatsana moni, iye ali pakati, ndipo pamwamba pa zonse ena akumnena kuti ndiye anasandutsa golidi. Ngati chilipo chobwezedwa, chifike m'manja mwa maiyo, ndipo amai a Nthambi yathu aonetsetse kuti zatero.

Nanga akuba eni-eni? Apa ndi pamene pagona mphamvu yao. Mnzathu akuopa kupita ku Polisi chifukwa malamulo a migodi, amene anakonzedwanso m'chaka cha 2023, salola munthu kugula ndi kugulitsa golidi popanda laisensi. Mbava zimadziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake zimasankha katundu amene wobedwa sangalire naye mokweza. Amene aberedwa njinga amakuwa mudzi wonse numva; amene aberedwa pa golidi amatseka chitseko. Potero anthu omwewo amachoka pa Ndunde nakachita zomwezo ku Namitambo kapena ku Namadzi, kumene sanamve kanthu. Ine nditi apite ku Polisi, anene zonse monga zinachitikira, ndipo akulu a Nthambi amperekeze. Kutenga chuma cha munthu mwa bodza ndi mlandu pa gawo 319 la malamulo a milandu a dziko lino, ndipo ndarama zina zinatumizidwa pa lamya, kumene nambala iri yonse inalembetsedwa ndi dzina.

Boma nalonso liri ndi gawo lake, ndipo ife sitinayambe Chipani kuti tiziombera m'manja chabe. Kuyambira chaka cha 2021 Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golidi kwa okumba ang'ono-ang'ono kudzera ku Export Development Fund. Chimenechi n'chinthu chabwino, ndipo chikutiphunzitsanso kanthu: mwini golidi weni-weni ali ndi kumene angagulitse masana pa mtengo wake, tsono angayendere chiani mtunda wonse kuchokera ku Makanjira kudzamgulitsa pa theka kuseri kwa nkhokwe? Koma nzeru zoyesera miyala ziri ku Zomba, ku ofesi ya Geological Survey, ndipo munthu wamba sadziwa khomo lolowera, ndiponso amaopa kuti akaonetsa chimene ali nacho amangidwa. Tifuna akatswiri amenewa azifika m'misika yathu nthawi ya zokolola ndi sikelo zao, monga amachitira alangizi a zaulimi, ndipo munthu wobwera kudzafunsa asayesedwe mbala.

Agogo athu ambiri a muno m'Chiradzulu anapita ku Joni pa Wenela. Anatsika pansi pa nthaka m'migodi ya golidi yotchuka pa dziko lonse, ena anabwerako ndi chifuwa, ena sanabwereko konse, monga aja oposa 70 amene anafera pa ndege ku Francistown mwezi wa April 1974. Kafunseni nkhalamba zimene zatsalako ngati zinagwirapo golidi m'manja. Zidzakuuzani kuti zinkaphwanya miyala yotuwa, ndi kuti m'tani yathunthu ya miyala Azungu ankapezamo magalamu owerengeka okha. Mmodzi wa iwo anali pa bwalo paja. Anapempha kachitsulo kamodzi, nakaponya-ponya m'dzanja lake, nakabweza osanena kanthu. Koma pobwerera anandinong'oneza kuti akanamfunsa iye, ng'ombe ikanakhala m'khola.

Pa msonkhano wathu ukudzawu ndidzapempha kuti tilembe kalata kwa Bwanamkubwa wa boma la Chiradzulu, kwa Khansala ndi kwa Phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo za akatswiri oyesa aja, ndi kuti tigwirizane ndi Mafumu kuti mlendo ali yense wogulitsa golidi kapena miyala aziyamba waonekera kwa Amfumu ndi chitupa chake. Mwini mpango wavomera kuti tizitsulo tija tidzaikidwe pa tebulo. A Hedimasitala alonjeza kubwereka sikelo ndi kapu, kuti ali yense adzaone ndi maso ake m'mene amayesera. Amai mudzabwere ambiri, ndipo mudzakhale oyamba kukhudza.

Ine wanu pa nchito,
Mlembi wa Nthambi, Ndunde.