Makombola m'nyengo ya mvula: safunsa adadya phula

Disembala akangolowa, ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo kumayamba kumveka phuu! phuu! dzuwa likangolowa. Agalu amathawira kuseri kwa nyumba, agogo amadzidzimuka kuyesa mfuti. Pa mabenchi a mavenda, pakati pa maswiti, mabaluni ndi mabisiketi, makombola amakhala atandandalikidwa, ndipo wogula wamkulu ndi mwana wa pulayimale.

Inetu sindidana nawo makombola. Ndidakulira ku Area 23, ndipo usiku wa pa 31 Disembala sitinkagona. Amene tidalibe ndalama tinkapanga athu ndi mitu ya machesi, mpaka mnzathu wina adatsala ndi chala chopindika chimene ali nacho mpaka lero. Nkhani yanga ili pa kanthu kamene ogulitsa ndi ogula sakaganizira n'komwe: chinyezi.

Sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, koma kasayansi kochepa kamene ndidatolako kandikwanira kunena izi. Tengani kamtengo ka machesi. Kuti moto uchoke kumutu ugwire mtengo, kufakitale amakanyika kamtengoko mu phula longa la kandulo. Simuliona, koma lilipo. Opanga makombola nawo amadalira phula ndi zomata zina. Amamata nazo mapepala ndi polowera kachingwe kuti madzi asafike ku onga. Zitsulo zina zoperapera zimene zimatulutsa kuwala koyera zimaonongeka zikakumana ndi chinyezi, choncho amazikuta kaye. Phula limachepetsanso ukali wa mankhwala ena kuti asayake ndi kukhulana chabe. Zonsezi zimachitika ndi miyeso, m'nyumba zotalikirana, ndi anthu odziwa ntchito. Ngakhale kumeneko, ku Liuyang m'dziko la China kumene makombola ambiri a padziko lapansi amachokera, mafakitale amaphulikabe n'kupha anthu.

Tsono taganizani za mnyamata wa ku Mgona amene wamva kuti phula limateteza, ndiye akusungunula kandulo pa mbaula, onga wake uli pambali. Chitetezo chake ndi chiti? Wangoitanira moto pafupi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Uyu akhoza kudya zoposa phula.

Koma zopangapangazi n'zochepa. Vuto lalikulu lili pa katundu wa m'sitolo. Khirisimasi yathu imagwa pakati pa dzinja. Katoni yachoka kutsidya kwa nyanja, yakhala m'kontena, yafika m'mashopu a ku Old Town, venda waoda. Masana ili pa benchi, mvula ikabwera aiphimba ndi pulasitiki yobooka. Usiku ikagona pansi m'nyumba ya lendi yodontha, m'chipinda chomwe mayi akuphikira. Phula lochepa la kufakitale lija silidapangidwire moyo wotere. Khombola lonyowa nthawi zina silifa ayi, limangochedwa. Mwana ayatsa, athawa, adikira, zii. Abwerera kukalitola kuti aone chavuta n'chiyani, mwina kuliuzira ndi pakamwa. Pamenepo ndi pamene limayankha, ndipo ulendo wa ku Kamuzu Central Hospital umayambira pomwepo. Ndalama yake ndi yovuta, mwana sangalole kuti ipite pachabe, n'chifukwa chake amabwerera.

Palinso katundu wotsala. Venda amene sadamalize kugulitsa pofika pa 2 Januwale sataya. Amasunga mpaka Disembala winayo. Ndani angamunene? Mpamba wake uli momwemo. Koma pakhala patadutsa mvula yonse ndi kutentha kwa Okutobala.

Amalonda anzanga, imvani izi. Pa 29 Disembala 2001, pa msika wa Mesa Redonda mumzinda wa Lima ku Peru, khombola limodzi lidayatsidwa pofuna kuonetsa wogula mmene limaphulikira. Moto udalumphira pa mabenchi oyandikana nawo, ndipo anthu pafupifupi 300 adafa. Pa 26 Disembala 2012, nyumba yosungiramo makombola idaphulika ku Jankara mumzinda wa Lagos, moto n'kugwira nyumba zoyandikana nazo. Pa 20 Disembala 2016, msika wa makombola wa ku Tultepec ku Mexico udapsa, anthu oposa 40 adatisiya. Onani masikuwo: onse ndi a Disembala. Nanga chizolowezi choyesera kasitomala pa benchi pomwepo, si chathu chomwe? Misika yathu ya matabwa ndi mapulasitiki, yothinana ngati ya ku Area 25, idapsapo ndi mbaula chabe. Wa kaunjika woyandikana ndi wa makombola ali ndi ufulu wofunsa mnzake kuti katoniyo amaisunga pati.

Lamulo la zophulika, Explosives Act, lilipo m'dziko muno, ndipo limafuna chilolezo kwa wopanga, wosunga ndi wogulitsa zophulika. Koma chimene timaona m'makwalala ndi chenjezo la kumapeto kwa chaka, mwina kulanda katoni ya venda mmodzi. Kumeneko n'kudula nthambi. Venda saitanitsa kontena. Funso lipite kwa woitanitsa ndi wogulitsa pikulitsa: katunduyu adapangidwa liti, adalowa ndi chilolezo chanji, akusungidwa m'nyumba yotani? A Malawi Bureau of Standards amayang'ana tsiku lothera pa botolo la mafuta ophikira. Ayang'anenso paketi ya makombola, ndipo malangizo ake alembedwe m'Chichewa, osati m'zilembo zimene ngakhale wogulitsa satha kuziwerenga. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, imene siiwala kutolera ziphaso tsiku ndi tsiku, ipatule malo ouma, a panja pa msika, ogulitsirapo makombola kwa masabata atatu amenewa.

Kuletseratu sindikukhulupirira kuti kungathandize. Katunduyo angochoka pa benchi n'kukabisala kunsi kwa bedi, pamene pali chinyezi chambiri ndi ana ogona pamwamba pake.