Baji ya ubale sigulidwa pa intaneti

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano. Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amene amasonkhanitsa mabaji akale a masikauti, tinsalu tija ana amasokera pa yunifolomu. Amagula pa eBay, amasinthana, amawasunga m'magalasi. Ambiri mukamva izi muti ndi chizolowezi chabwinobwino, sichipweteka munthu. Ine ndikuti momwe ambiri amachitira muli bodza, ndipo bodzalo likutikhudza.

Tiyambe ndi bajiyo. Gulu la masikauti analiyambitsa ndi msilikali wa ku Britain, Robert Baden-Powell, atachita msasa wa anyamata pa chilumba cha Brownsea mu 1907. Ku America, bungwe la Boy Scouts of America linatulutsa mabaji a luso okwana 57 mu 1911. Kuti mwana apate imodzi, ankayenera kuonetsa pamaso pa munthu wamkulu kuti ntchitoyo akuidziwa: kusambira, kuphika, kupereka chithandizo choyamba kwa wovulala. Mpaka lero, kuti afike pa udindo wapamwamba wa Eagle amafunika mabaji 21. Ndiye baji ndi umboni wa thukuta, ngati chiphaso cha sukulu.

Tsopano taonani zimene msika wachita. Osonkhanitsa amaika mtengo poyang'ana mtundu wa nsalu, kapindidwe ka m'mphepete, kaya ndi ya ngodya zinayi ngati zoyambirira zija, kaya kumbuyo kuli pulasitiki ngati za m'ma 1970. Ndipo kawirikawiri imene amaifuna kwambiri ndi yoyera, yopanda bowo la singano. Mwamva? Baji imene inangokhala m'kabati, mwana aliyense asanaivalepo, imaposa mtengo ija mayi anasoka usiku, mwana wake nkukaivala ku msasa mpaka kusuluka. Imene ili ndi mbiri ndiye yotchipa. Zimenezi mumaziona bwanji inu?

Musaganize kuti ndikudana ndi malonda. Ine ndimadya za pa benchi ya kaunjika, mtengo ndimaudziwa, kunenerera ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Mukamatsegula mabelo zaka zambiri mumakumana nazo malaya a masikauti, mabaji ali mbwee pa mkono, nambala ya gulu ilipobe. Timagulitsa ngati malaya wamba, kasitomala amangoona ngati kolala ndi yolimba. Amene ali ndi mlandu ndi ine ndi uja amadzitcha wosunga mbiri, koma amasunga nsalu yokha, mbiriyo nkuitaya.

Chitsanzo changa ndi baji yotchedwa World Brotherhood, kutanthauza ubale wa dziko lonse. Masikauti a ku America ankaipereka kuyambira 1952 mpaka 1972, pomwe inalowedwa m'malo ndi ina ya Citizenship in the World. Dzina lokoma, eti? Koma zaka zonse 20 zimenezo, m'madera ena a kum'mwera kwa dzikolo ana akuda ankakhala m'magulu awoawo, azungu kwaokha. Chigawo cha Old Hickory ku North Carolina chinathetsa tsankholi mu 1974, patapita zaka ziwiri bajiyo itasiya kuperekedwa. Ndiye mnyamata ankatha kuvala ubale wa dziko lonse pa phewa, pomwe mwana wakuda wa tauni yake yomweyo sangakhale naye mu tenti imodzi.

Kuno ku Africa zinali chimodzimodzi. Ku South Africa anyamata akuda anawapangira gulu lapadera lotchedwa Pathfinders, kuti asasakanikirane ndi azungu, ndipo mabungwe ogawidwa potengera khunguwo anaphatikizidwa mu 1977. Ngakhale mikanda ya mtengo ya Wood Badge, imene atsogoleri a masikauti akhala akulandira kuyambira 1919, yoyambirirayo inachokera pa mkanda umene Baden-Powell mwiniwake ankati anautenga mu 1888, pa nkhondo yolimbana ndi Dinuzulu, mfumu ya Azulu. Kwa Azulu mikanda yotere inali ulemu wa ngwazi za nkhondo. Katundu wotengedwa pa nkhondo ya atsamunda ndi amene anasanduka chizindikiro cha utsogoleri wabwino. Kodi zimenezi zimalembedwa pa kapepala ka mtengo?

Ndikudziwa zimene muyankhe mu makomenti. Wina ati, "Asisi, mwana amene anapata bajiyo analibe mlandu, mwina analembadi makalata kwa mnzake wa kunja ndi mtima wonse." Zoona, ndipo ndiye chifukwa chake ndikukwiya. Mwanayo anakhulupirira zimene akuluakulu anamuuza, pomwe akuluakuluwo sankazichita. Ngati mukufuna kumulemekeza, sungani dzina la gulu lake, chaka, tauni, komanso ndani sankaloledwa kulowa gululo. Wina ati, "Pakanapanda osonkhanitsa zinthuzi zikanathera ku dzala." Apanso ndavomera. Koma kupulumutsa chinthu ku dzala sikukupatsa ufulu wochinamizira. Wosonkhanitsa amene amadziwa kuti ulusi uwu ndi wa chaka chakuti, koma sadziwa za 1974 kapena 1977, wasankha yekha zoti adziwe. Mabuku alipo, Timothy Parsons analemba lathunthu mu 2004 lonena za masikauti ndi tsankho m'maiko a Africa amene ankalamulidwa ndi Britain.

Musanaseke azungu, tadziyang'aneni. Nafenso tili ndi tinthu tathu takale: makadi a chipani a nthawi ya Kamuzu, mabaji a nkhope yake, nsalu za mbumba. Funsani amayi anu kapena agogo, akuuzani kuti popanda khadi ija sunkalowa mu msika, ngakhale kukwera basi, a Youth League atayima pa geti. Tsiku lina zinthu zimenezi zidzakhala ndi mtengo, ndipo adzabwera wina nkumati taonani kukongola kwake, taonani umodzi wa nthawi imeneyo. Mudzamulola? Ngati simungalole kuti khadi ija ionetsedwe popanda nkhani ya pa geti, musalolenso kuti baji ya ubale ionetsedwe popanda nkhani ya tenti.

Ndiye pempho langa ndi ili. Amene muli ndi kabaji, kakhadi kapena chithunzi chakale m'sutikesi, musataye ndipo musathamangire kugulitsa. Khalani pansi ndi mwiniwake akadali moyo, mumufunse anachipeza bwanji, analipira chiyani, ndani anatsala kunja. Lembani pa pepala, muike pamodzi ndi chinthucho. Gulu lino ndi la olemba, ntchito imeneyi ndi yathu. Amene simukugwirizana nane, bwerani mu makomenti ndi mfundo, tikambirane.