Pluto Inaweluzidwa Cifukwa ca Kumene Ikhala

Kusukulu kuno ku Kafue, ife tinaloweza mapulaneti 9. Ang'ono athu aloweza 8. Pa 24 August 2006 ku Prague, bungwe la International Astronomical Union linaika malamulo atatu: pulaneti izizungulila dzuwa, ikhale yobulungila, ndipo ikhale itasesa miyala m'njila yake. Pluto inagwa pa lacitatu.

Lamulo lacitatuli sitigwilizana nalo. Siliyang'ana cinthuco, liyang'ana kumene cikhala. Dziko lathuli mutaliika kutali kwambili kuposa kumene kuli Pluto, nalonso lingalephele kusesa njila yaitali conco. Mu 2015, combo ca New Horizons cinajambula mapili a madzi oundana pa Pluto, koma cigamulo sicinasinthe.

Ife ofuna nchito mu Industrial Area tikudziwa kuwawa kwake: kufunsidwa komboni yomwe ucokela asanaone zimene ukwanitsa.