ZA KUFUNA MPOPE WATSOPANO WA MFUTI YA GOGODERA

Abale athu a m'migodi ndi a m'mapulazi, pali funso limene limveka m'makomboni pamene munthu ayamba kumanga katundu wa ulendo wa kwao. Wina afuna njinga, wina malata, koma wina anong'oneza mnzace nati, "Kwathu kuli mfuti ya gogodera imene anasiya agogo. Mtengo wace uli bwino, koma mpope wadyeka ndi dzimbiri. Kodi kuno ku Joni ndingapeze kuti wina?" Wofunsayo ayesa kuti afuna kanthu kakang'ono, monga munthu wofuna mpini wa khasu. Ife tinena kuti walakwa poyesa comweco. Mtengo wa mfuti ndiwo mpini, koma mpope, citsulo cija cimene onga upsyeramo ndi cipolopolo cidzeramo, ndiwo khasu lenileni. Woika mpope watsopano wapanga mfuti yina, ndipo malamulo amuwerenga motero.

Siciri cacilendo kuti munthu wa pamgodi alakelake mfuti. Pamene anayamba kukumba dayamondi ku Kimberley m'caka ca 1871, Apedi ndi Asutu ambiri anayenda pansi masabata angapo kukagwira nchito kumeneko, ndipo cimene cinawakoka ambiri a iwo cinali mfuti. Munthu anagwira miyezi ingapo, nagula mfuti yace, nabwerera kwao. Boma la Azungu linaopa. M'caka ca 1873 mfumu Langalibalele ya Ahlubi ku Natal inalimbana ndi Boma pa nkhani ya kulembetsa mfuti zimene anyamata ace anabwera nazo, ndipo anaigwira naitumiza ku Robben Island. Asutu anakana kupereka zao, namenya nkhondo m'zaka za 1880 ndi 1881, ndipo mfutizo zinakhalabe m'manja mwao.

Kwathu ku Nyanja mfuti zinadza ndi njira yina. Zinacokera ku gombe, ku Kilwa, ku Zanzibar ndi ku Quelimane, pamodzi ndi nsaru ndi mikanda, ndipo mtengo wace unali minyanga ndi akapolo. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga anakula ndi mfuti zotere. Tsono m'caka ca 1890 maufumu a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti mfuti za makono zisagulitsidwe kwa eni dziko m'cigawo cacikuru ca Africa, koma zakale za mwala zokha ndi onga wamba. Ici ndico cina ca zifukwa zimene gogodera, yothira onga kukamwa ndi kugogoda ndi ndodo, inakhalira mfuti ya munthu wa kumudzi zaka zonsezi.

Zambiri za mfutizo zinasulidwa ku Birmingham m'dziko la England ndi ku Liège m'dziko la Belgium. Zina zinali za asilikari, monga ya Enfield ya 1853, yokhala ndi mizere itatu yopotoloka m'kati mwa mpope. Izi anazigulitsa mochipa pamene magulu a nkhondo anayamba kugwira mfuti zoikira cipolopolo kumbuyo. Yang'anani pa tsinde la mpope wa agogo anu, kapena mudzaona tizizindikiro tokhomedwa m'citsulo. Timeneto si maluwa ai. Ku Birmingham kuli nyumba yoyesera mipope imene inakhazikidwa ndi lamulo m'caka ca 1813. M'menemo athira onga woposa muyeso, naombera mpope uli wokha m'cipinda colimba mopanda munthu. Ukapirira aukhoma cizindikiro. Ukaphulika waphulika wokha. Taonani, eni ace osula mfuti sanakhulupirire nchito ya manja ao asanaiyese.

Nanga bwanji mpope wina subwera msanga? Coyamba, mfuti zambiri za malondazo anazilunzanitsa ndi manja, iri yonse payokha. Mmisiri anasema mtengo kulingana ndi mpope womwewo, ndipo kabowo kolandira moto kanayenera kugwa pomwe pagunda nyundo. Mpope wa mfuti yina, ngakhale yofanana nayo m'maso, kawiri kawiri ukana kukhala. Ndipo mpope wakale wogula kwa mnzanu uli ndi nthenda yomweyo imene yapha wanu. Onga wakuda ukapsya usiya mwaye umene ukoka cinyezi, ndipo mfuti yosatsukidwa idyeka kuyambira m'kati, makamaka kutsinde kumene diso silifika. Kunja ingang'anime ndi mafuta, m'kati muli mabowo.

Mipope yatsopano iripo ndithu. Ku America ndi ku Italy aipangabe cifukwa ca anthu okonda kuombera mfuti za makolo ao. Ku Gardone Val Trompia kuli nyumba ya Pedersoli imene igwira nchito imeneyi. Amisiri ena a kumeneko aboola mpope wakale, nalowetsamo wina wopyapyala wa citsulo colimba. Mnyamata akaona zimenezi pa foni yace ayesa kuti nkhani yatha, pakuti aona Amereka aitanitsa mipope pa positi monga mabuku. Koma lamulo lao lalikuru siliwerenga gogodera pamodzi ndi mfuti zina, ndipo lamulo limenelo lithera m'malire mwao.

Ku South Africa lamulo la mfuti la caka ca 2000 lichula mpope wokha kuti ndiwo mfuti. Wosunga gogodera afunika kalata ya Polisi yonena kuti ayenera kukhala nayo, ndipo kalatayo ipatsidwa kwa nzika kapena kwa wokhala ndi cilolezo cokhazikika m'dzikomo. Ambiri a ife tiri ndi ciphaso ca nchito cokha, ena alibe ngakhale cimeneco. Tsono lingalirani za ulendo: Beitbridge, Nyamapanda, Zobue, Mwanza, ndipo pa cipata ciri conse pali wofufuza katundu. Maiko a SADC anapangana ku Blantyre m'caka ca 2001 kuti adzagwirizana poletsa mfuti ndi ziwalo zace kuoloka malire mobisa. Munthu wagwira zaka zitatu pansi pa nthaka, kodi ataye zonse cifukwa ca citsulo cimodzi cokulungidwa m'bulangete?

Pamenepo ambiri atembenukira kwa wosula wa kumudzi, ndipo apa ndipo pagona ngozi yoposa zonse. Sitinyoza osula athu. Akhala akukonza makasu, nkhwangwa ndi nyundo za mfuti zomwe mwaluso ndithu. Koma wosula alibe nyumba yoyesera. Atenga mpope wa madzi kapena citsulo ca galimoto yakufa, zinthu zimene sizinapangidwire moto wa onga, ndipo woyesa mpopewo ndiye mwini wace, tsaya liri pamtengo, dzanja lamanzere litagwira pomwe citsulo cing'ambikira. Ungapirire kasanu, nuphulika kacisanu ndi cimodzi. Coipa coposa ndi ici, kuti onga weniweni usowa, ndipo anthu athiramo ciri conse coyaka. Onga wa m'zipolopolo za makono uli ndi mphamvu yoposa kutari, ndipo uphulitsa ngakhale mpope wabwino wa gogodera. Za zophulitsira miyala za kumgodi sitifuna kunena zambiri. Inu nomwe mwaona cimene zicita ndi thanthwe, ndipo mudziwa mlandu wa wopezeka nazo pacipata.

Kanthu kena tikuuzeni, pakuti kapha anthu m'maiko ambiri. Mfuti zakale zambiri zinapacikidwa ziri ndi onga m'kati, ndipo onga wakuda wouma sukalamba. Wina atenga mpope kuika pamoto kuti amasule tsinde lace, ndipo cipolopolo cimene anaika agogo cituruka lero. Mfuti yakale iri yonse muiyese yodzaza, ndipo ana asasewere nayo.

Tidziwa kuti ambiri safunira mpope kunyada. Nguluwe zitha cimanga, anyani athyola mphonda, ndipo okhala pafupi ndi nkhalango agona m'misasa cifukwa ca njobvu. Dandaulo limeneli liri loona, ndipo a Boma oyang'anira nyama ayenera kulimva msanga kuposa umo acitira. Koma gogodera kawiri kawiri ingolasa njobvu osaipha, ndipo yolasidwa ndiyo iopsya mudzi. Ndiponso ku Malawi, kuyambira 2017, wopha nyama yotetezedwa kwambiri monga njobvu angalandire zaka zofika 30 m'ndende. Ku cigwa ca Luangwa alimi ambiri anapereka mfuti zao ku bungwe la COMACO posinthana ndi maphunziro a ulimi ndi msika wa mbeu zao.

Amene afuna kusunga mfuti ya agogo monga cikumbutso ca pfuko, ayambe wafunsa ku Polisi ya kwao za kalata yace, pakuti ukalamba wa mfuti suicotsera mlandu. Akaloledwa, aipake mafuta pang'ono, aipacike pouma, ndipo asaikwece ndi mcenga, kuti tizizindikiro tija tingafafanizike. Pakuti ndito tokha tidzauza adzukulu kumene inacokera.