Dzuwa la ku Chigwa cha Shire si nthabwala ya pa WhatsApp

Okutobala akangolowa, nthabwala za ku Nsanje ndi ku Chikwawa zimadzaza mafoni athu. Wina aika chithunzi cha dzira likupsa pa lata, wina alemba kuti ku Ngabu ngakhale mthunzi umafuna mthunzi. Timaseka, titumiza ku gulu lina, nkhani yatha. Koma kutentha kumeneku ndi ngozi ngati madzi osefukira, ndipo nthawi yakwana yoti m'chigwamo tisinthe maola a sukulu ndi a ntchito m'masabata otentha kwambiri.

Mu Okutobala 2023, nthambi yoona za nyengo inachenjeza kuti ku Chigwa cha Shire kutentha kufika madigiri 44. Thupi la munthu limagwira ntchito bwino pa madigiri 37. Kunja kukatentha kuposa pamenepo, thupi limadalira thukuta lokha kuti lizizire. Madzi akachepa m'thupi, thukuta limachepanso, ndipo kutentha kwa m'kati kukapitirira madigiri 40, ubongo umasokonezeka, impso zimavutika, munthu amakomoka ndipo akhoza kufa.

N'chifukwa chiyani chigwachi chimawotcha chonchi? Ndi nkhani ya malo. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe madera a kumunsi kwa Nsanje safika ndi mamita 100 omwe. Ukamatsika mamita 1,000, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6. Aliyense amene anatsikapo phiri la Chikwawa pa minibasi amadziwa mphepo yotentha imene imalowa pa windo ukangofika pa mlatho wa Kamuzu. Onjezerani kuti mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limakhala pa liwombo penipeni, mitambo palibe, mvula sinayambe, nthaka ndi youma. Kenako onjezerani kusintha kwa nyengo: bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, linanena kuti 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse chiyambireni kulemba. Ndiye zoti "kumatentha chaka chilichonse, anazolowera" zija sizikugwiranso.

Vuto la kutentha n'loti silijambulika. Namondwe Freddy atawomba mu Marichi 2023, tonse tinaona mavidiyo a matope ndi nyumba zogwa, ndipo thandizo linayenda. Koma gogo amene wafooka m'nyumba ya malata masana, kapena wakabaza amene wagwa ndi chizungulire pakati pa Nchalo ndi Ngabu, sapezeka pa Facebook. Achibale amangoti anali ndi BP, kapena ndi malungo. Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chimayimba ndithu: a zanyengo amalengeza kudakali masiku. Ife ndi amene sitivina.

Taganizirani mwana wa Sitandade 6 ku Bangula. Teremu yoyamba imagwera m'miyezi yotenthayi. Pofika 11 koloko, kalasi ya malata yopanda siling'i, yodzaza ndi ana, yasanduka uvuni. Mphunzitsi akuphunzitsa masamu, ana akuwodzera, mjigo uli patali. Akaweruka masana, ayende makilomita angapo dzuwa lili pamutu, ena opanda nsapato. Kodi pamenepo pali kuphunzira, kapena tikungodikira belu?

Chodabwitsa n'choti yankho lake alimi a m'chigwamo analipeza kalekale. Amalawirira kumunda mbandakucha, dzuwa likayamba kuluma amaweruka, n'kudzabwereranso madzulo. Sukulu ndi ntchito za maganyu n'zimene zaumirira wotchi imodzi ya dziko lonse, ngati kuti ku Nsanje ndi ku Dedza n'chimodzimodzi. Mu Okutobala kunja kumacha 5 koloko ikangodutsa. Chingalephereke n'chiyani kuti a zanyengo akangochenjeza, sukulu za m'chigwa ziziyamba 6 koloko n'kuweruka isanakwane 11? Omanga nyumba, okonza misewu ndi odula nzimbe nawonso azipuma pakati pa 11 ndi 3 koloko, malipiro osadulidwa.

Ena anena kuti izi zisokoneza silabasi, ndipo mabwana adandaula kuti ntchito ichedwa. Nkhawa zake n'zomveka, koma tiwerengetse bwino. Maola ophunzira sakuchotsedwa, akungosunthidwa, ndipo ndi kwa masabata ochepa pa chaka. Za ntchito, funsani ku Nicaragua ndi ku El Salvador, komwe odula nzimbe ambiri, anyamata amphamvu ndithu, adwala matenda a impso amene akatswiri akuwalumikiza ndi kugwira ntchito yolemetsa padzuwa popanda madzi okwanira. Kumeneko mankhwala oyamba ndi zinthu zitatu zotchipa: madzi, mthunzi ndi kupuma. Kwathu kuno, komwe makina otsuka impso ali m'zipatala zazikulu zowerengeka, kupewa ndiye njira yokhayo imene mlimi kapena waganyu angakwanitse.

Ndipo ndondomeko zotere zimatheka ngakhale kumalo osalemera. Mzinda wa Ahmedabad ku India unataya anthu oposa 1,300 pa kutentha kwa mu Meyi 2010. Mu 2013 unakhazikitsa dongosolo lapadera: machenjezo a mitundu yosiyanasiyana, malo omwera madzi, ndi kuphunzitsa azaumoyo kuzindikira msanga wodwala chifukwa cha kutentha. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi DoDMA, akhoza kuchita zofanana. Makomiti a m'midzi oona za ngozi alipo kale chifukwa cha madzi osefukira. Awonjezeredwe ntchito ya mu Okutobala.

Pomwe tikudikira akuluakulu, foni ili m'manja mwanuyo ikhoza kugwira ntchito yoposa kuseketsa. Mukaona chenjezo la a zanyengo, litumizeni ku gulu la banja, ndipo muwaimbire agogo kumudzi. Auzeni amwe madzi asanamve ludzu, ndipo mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri adziwe kuti madzi achepa m'thupi. Wotuluka thukuta tsiku lonse, Thanzi ORS amathandiza. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi, koma liziyamwa pafupipafupi. Munthu akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, thupi lili moto, musachedwe ndi zoti wina wamulodza: mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, ndipo muthamange naye kuchipatala.

Komanso mukakumana ndi khansala kapena phungu wa dera lanu, mufunseni funso limodzi lokha: madigiri akafika 44, ana athu aweruka nthawi yanji? Akasowa yankho, musaseke. Mufunseninso sabata yamawa.