Za Chloroquine Amene Anabwerera, ndi Chifukwa Chake Sitinamulandire

Aliyense amene anali atayamba kuzindikira zinthu chisanafike chaka cha 1993 akumbukira chloroquine, mbulu woyera uja wowawa koopsa, umene amayi ankauphwanyira m'supuni ya madzi pomwetsa mwana wodwala malungo, ndiponso umene anthu ena akaumwa thupi lonse linkawanyerenyetsa, nachezera kudzikanda usiku wonse. Anali mankhwala otsika mtengo, opezeka m'chipatala ndi m'golosale momwe, ndipo kwa zaka zambiri anapulumutsa miyoyo yosawerengeka. Koma tizirombo ta malungo tosamva mankhwalawa, timene tinayamba kuoneka ku Asia ndi ku South America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, tinafika kummawa kwa Africa cha m'ma 1978, ndipo titafalikira kuno kwathu zinthu zinaipa kufikira kuti mwa odwala olandira chloroquine, ochira sankakwana ndi theka lomwe. Pomwepo dziko la Malawi linachita chimene dziko lina lililonse la mu Africa linali lisanachite: m'chaka cha 1993 linachotsa chloroquine m'zipatala, niliika m'malo mwake SP, amene ambiri timamudziwa ndi dzina lakuti Fansidar.

Mbiri imeneyi ndaikumbutsa chifukwa masiku ano sipapita sabata osamva pa wailesi, kapena kuwerenga pa foni, kuti akatswiri a kwakutikwakuti apeza chakutichakuti. Ndipo uthenga wotere, umene gwero lake likhala magazini a madokotala olembedwa m'Chingerezi chozama, utifika utadutsa m'kamwa mwa anthu ambiri, mawu okoma okha atatsala, machenjezo onse atatayika panjira. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Chimene chili pamtima panga lero nchakuti nkhani ya kafukufuku wa zaumoyo iyenera kumvedwa kufikira kumapeto kwake, pakuti ikamvedwa theka ikhoza kupweteka munthu yemweyo amene ikadamuchiritsa.

Chloroquine atachotsedwa, ofufuza a ku Blantyre sanaleke kuyeza magazi a odwala malungo, nafunafuna m'tizirombomo chizindikiro chimene chisonyeza kuti kachirombo sikamva mankhwalawo. Anapeza chodabwitsa: chizindikiro chimene m'chaka cha 1992 chinkapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse chinatsika kufika pa 13 m'chaka cha 2000, ndipo pofika 2001 sichinaonekenso konse. Koma popeza zooneka m'chipinda choyezera magazi sizikwanira kuweruzira za moyo wa munthu, m'chaka cha 2005 Dr. Miriam Laufer ndi Dr. Christopher Plowe a ku University of Maryland, pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu, anatenga ana 210 odwala malungo amene anali asanafike poopsa, makolo awo atavomera, nawagawa pawiri mwa maere, ena kulandira chloroquine ndi ena SP, nawatsata masiku 28. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu November 2006 m'magazini ya New England Journal of Medicine ya ku America: powerengera ana okhawo amene zotsatira zawo zinadziwika, mwa ana 80 olandira chloroquine, mankhwalawo analephera pa mwana mmodzi yekha, pamene mwa ana 87 olandira SP analephera pa ana 71.

Magwero a zodabwitsazi ali motere. Kachirombo kosamva chloroquine kali ngati wankhondo wosenza chishango cholemera, amene pa nthawi imene mivi ili kugwa apulumuka yekha anzake onse nagwa, koma nkhondo ikatha chishango chomwecho chimsandukira katundu, ndipo opanda chishango ampitirira pa liwiro. Chomwechonso, mankhwala aja atasowa m'magazi a anthu, tizirombo tomvera chloroquine, timene tinali titatsala tochepa, tinaswana msanga koposa tinzake, kufikira kuti patatha zaka 12 tinali titadzazanso dziko.

Tsono taganizani za munthu amene wangomva mutu wa nkhani wokha, wakuti chloroquine wayambanso kugwira ntchito ndipo achiritsa ana 99 pa 100 alionse. Munthu wotere akadathamanga kukamfunafuna m'misika, nayamba kunyoza boma kuti likubisira amphawi mankhwala otsika mtengo. Komatu eni ake a kafukufukuyo, m'nkhani yomweyo, anachenjeza kuti chloroquine asabwezeredwe m'zipatala payekha, popeza m'maiko oyandikana nafe tizirombo tosamva mankhwalawo tinali tikadali tambiri, ndipo popeza udzudzu ndi anthu awoloka malire usana ndi usiku, kumubwezera kukadakhala kutiitanira tizirombo tomweto kuti tidzachulukenso. Ndiponso m'nkhani yomweyo munali uthenga wachiwiri, wosakoma kuumva koma wofulumira koposa woyambawo, wakuti SP, amene ana athu ankamwa m'zipatala zonse masiku amenewo, anali kulephera pa ana anayi mwa asanu alionse. Umboni umenewu unagwirizana ndi wa ofufuza ena, ndipo m'chaka cha 2007 Unduna wa Zaumoyo unaika LA kukhala mankhwala oyamba a malungo, SP natsala wa amayi oyembekezera, amene amamwa kusikelo podziteteza. Wongomva za kubwerera kwa chloroquine akadaphonya chenicheni chimene chinali kuopseza mwana wake.

Nchoyenera kuti owerenga adziwe pang'ono mmene magazini amenewa agwirira ntchito. Munthu akatha kafukufuku wake salengeza pa msika, koma alemba zonse, mmene anasankhira anthu, mmene anawayezera ndi zimene anapeza, natumiza kwa akonzi, amenenso apereka nkhaniyo kwa akatswiri ena osakhudzidwa kuti aifunse mafunso ndi kuipezera zifukwa. Ikapirira mayeso amenewo ndipo isindikizidwa. Mwambo umenewu ngwabwino, koma ochita ake ndi anthu, ndipo pa anthu sipalephera kulowa cholakwa kapena chinyengo. M'chaka cha 1998 magazini yotchuka ya The Lancet ya ku London inasindikiza nkhani ya Andrew Wakefield, yonena za ana 12 okha, imene inachititsa makolo ambiri kukhulupirira kuti katemera wa chikuku abweretsa vuto la autism. Ndipo ngakhale kafukufuku wa ku Denmark wa ana oposa 500,000 anasonyeza m'chaka cha 2002 kuti zimenezo nzabodza, ngakhalenso magaziniyo inafafaniza nkhaniyo m'chaka cha 2010, Wakefield nachotsedwa m'kaundula wa madokotala, mantha amene anafesedwa pamenepo akadali kumera kufikira lero. Chifukwa chake munthu wanzeru akamva kuti akatswiri apeza kanthu afunse: anayesa pa anthu angati, ndi a kuti? Anawayerekeza ndi ayani? Anawatsata nthawi yaitali bwanji? Kodi enanso, kwinanso, apeza zomwezo? Safunsa anadya phula.

Palinso mtundu wina wa zotsatira umene atolankhani saukonda, ndiwo wakuti chinthu chimene tonse tinachiyembekezera sichinathandize. Ndani sakadavomereza kuti mayi akaleka kuphika pa mafuwa, nayamba kuphikira pa mbaula yotulutsa utsi wochepa, ana ake sadzadwala chibayo kawirikawiri? Nzeru imeneyi inayesedwa m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, pa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, midzi ina kulandira mbaula zamakono ndi ina kupitiriza kuphika monga kale; ndipo patatha zaka ziwiri Dr. Kevin Mortimer ndi anzake analemba mu The Lancet kuti chibayo sichinachepe ayi, ngakhale ana opsa ndi moto anachepa. Sanati utsi ngwabwino, koma anati mwina nchifukwa chakuti mwana wa kumudzi apuma utsi wochokera kwina kwambiri, ku zinyalala zotenthedwa, ku fodya ndi ku moto wa anansi, ndi kuti mbaula zimaonongeka, anthu nabwerera ku mafuwa awo. Yankho lakuti ayi, likanenedwa moona, liposa inde wonyengerera, pakuti lipulumutsa chuma chochepa cha dziko losauka kuti chisathere pa njira yosafikitsa.

Ndipo pamene nkhani yapirira mafunso onse, zipatso zake zioneka ndi maso. M'chaka cha 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 kufikira zaka 12, analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa tayifodi, theka kulandira katemerayo ndi theka lina katemera wa nthenda youmitsa khosi, kuti pasakhale mwana wobayidwa pachabe. M'chaka cha 2021 kunalengezedwa kuti katemerayo anachepetsa tayifodi ndi magawo asanu ndi atatu mwa khumi. Ofufuzawo sanalekere pomwepo, koma anawatsatabe anawo kupitirira zaka zinayi, napeza kuti chitetezocho chinali chikadalipo. Mu May 2023 katemerayo anaperekedwa kwa ana m'dziko lonse. Kuchokera pa jakisoni woyamba wa ku Ndirande kufikira pa tsiku limenelo panapita zaka zisanu, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha.

Pano ndipo pali ngongole imene ndifuna kuikumbutsa kwa ophunzira athu. Manambala a kuno kwathu ndatchulawa sanagwe kuchokera kumwamba: anachokera kwa ana a ku Blantyre, a ku Chikwawa ndi a ku Karonga, amene amayi awo anasiya makasu ndi malonda awo, nasainira kapena kudinda chala pa pepala la chilolezo, nabereka ana kupita nawo kuchipatala mobwerezabwereza monga anapemphedwa. Sikuyenera kuti nzeru yogulidwa ndi kukhulupirika kotere iwerengedwe ku America ndi ku London, mwini mwana osamva kanthu za mathero ake. Pamene choonadi sichinenedwa, mphekesera zilowa m'malo mwake, ndipo sitinaiwale za chaka cha 2017, pamene mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa naphedwa, ntchito zachipatala nizisokonezeka. Ndithokoza a Malawi-Liverpool-Wellcome chifukwa cha pulogalamu ya pa wailesi ya Umoyo Nkukambirana, imene inabweretsa ofufuza pamaso pa anthu kuti ayankhe mafunso m'chinenero chathu. Koma mutu umodzi susenza denga. A Kamuzu University of Health Sciences, akonzi a Malawi Medical Journal, ndi ife olemba m'nyuzipepala, tiyenera kuona kuti kafukufuku aliyense wochitidwa pa anthu a dziko lino abwerere kwa eni ake m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'zinenero zina, afotokozedwe pa bwalo la mfumu ndi kusikelo, pamodzi ndi machenjezo ake onse, osachotsapo ndi limodzi lomwe.

Chosowa chimenechi nchalero lomwe, pakuti m'magazini omwewo mwayamba kumveka mbiri yoyenera kutidetsa nkhawa. M'chaka cha 2020 ofufuza analengeza kuti ku Rwanda kwapezeka tizirombo ta malungo tokhala ndi chizindikiro cha kusamva bwino artemisinin, ndiwo mtundu wa mankhwala umene uli mtima wa LA, ndipo m'chaka cha 2021 zofanana nazo zinalembedwa za kumpoto kwa Uganda, kumene tizirombo tinkachedwa kutha m'magazi a odwala. Nayonso nkhani imeneyi imvedwe yonse. Sinena kuti LA watha mphamvu, ndipo wouza mnzake kuti asiye LA nafune mankhwala ena m'misika adzakhala ndi mlandu wa moyo wa mnzakeyo. Chimene inena nchakuti mdani wayamba kuphunzira, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu makolo, agogo ndi onse olera ana, kuti thupi la mwana likatentha mupite naye msanga akayezedwe magazi asanamwe kanthu, popeza si kutentha thupi konse kuli malungo. Ndipo akapatsidwa LA amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi konse, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri, osasungako mibulu ina kuti idzathandize mng'ono wake, pakuti mankhwala omwedwa theka ndiwo asiya tamoyo tizirombo tolimba kuti tiswane. Ndipo inu alangizi a zaumoyo, anamwino, aziphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, amene anthu amakufunsani za zimene amva pa wailesi, musachite manyazi kuyankha kuti muyambe mwakafunsa kwa odziwa, ndipo mukafunsa mubwere nalo yankho lathunthu. Mankhwala a malungo ogwira ntchito ndi ochepa pa dziko lapansi, ndipo kupanga atsopano kutenga zaka zambiri ndi chuma chambiri. Amene tili nawowa tidzawasunga kapena kuwataya ndi manja athu, monga mwa mamvedwe athu.