Kabuleta isakudyereni mpamba

Loweruka lapitali pamsika wa Bvumbwe, mnzathu wina amene amanyamula kabichi ndi tomato kupita ku Limbe adandikokera pambali. Ali ndi kapikapu ka Nissan 1400 kamene kamudyetsa zaka zambiri. Akuti makaniko wina wamuuza kuti achotse kabuleta, amuikire injekishoni, ndipo petulo azidzangomununkhiza. Ndalama yake ndi yoti agulitse katundu yense ndi kuwonjezera ngongole ya ku banki m'khonde. Funso lake lidali lalifupi: “Achimwene, ndichite?”

Ndidamuyankha kuti ayi, asachite msanga. Ndikubwereza yankho lomwelo pano chifukwa amene akulingalira zimenezi ndi ambiri, makamaka inu amene mumathamangitsa kaunjika, usipa ndi ziwiya m'misika ya tsiku la malipiro kumaesiteti a tiyi monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba.

Maganizo amenewa sadabwere okha. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo kuchokera apo wamalonda aliyense amagona akuwerenga malita. Ndiye munthu akamva za chipangizo chochepetsa mafuta, mtima umadumpha.

Tiyambe ndi zoona zake, pakuti makanikoyo sadaname zonse. Kabuleta imasakaniza petulo ndi mpweya modalira mphamvu imene injini ikukokera mpweyawo. Muyeso wake ndi umodzi, umene adauika kufakitale kapena umene makaniko wasiya ndi sikuludiraiva. Injekishoni ili ndi kabokosi ka kompyuta kamene kamamva kutentha kwa injini, kuchuluka kwa mpweya ndi utsi wotuluka, n'kumapopera petulo wokwanira nthawi iliyonse. Kuno ku Thyolo kusiyanaku kumaoneka. M'mawa wa chiperoni mu Juni ndi Julaye, galimoto ya injekishoni imalira kamodzi pomwe ya kabuleta ikufuna choki ndi kuipembedza. Komanso ife tili pamtunda, pomwe mpweya ndi wopepukirapo. Amene amatsika ku Thekerani kukagula mbewu kuchigwa cha Shire amadziwa kuti injini imene imakoka bwino kumunsi imayamba kumwa mafuta mosayenera ikakwera kuno. Kompyuta imadzikonzera yokha muyeso, kabuleta siitha.

Nanga bwanji ndikuti dikirani? Chifukwa kusinthaku si kumasula chitsulo chimodzi n'kumanga china. Kabuleta imalandira petulo woyenda pang'onopang'ono kuchokera ku kapampu ka painjini. Injekishoni imafuna pampu yamagetsi yokankha mwamphamvu kuposa apo kakhumi kapena kupitirira, mapaipi opirira mphamvuyo, ndipo nthawi zambiri paipi ina yobwezera mafuta kuthanki. Pamafunikanso masensa, mawaya atsopano, kuboola ekizozi poika sensa ya utsi, ndi olitaneta yosatopa. Zonsezi zikaikidwa, pafunika munthu wodziwa kuuza kompyutayo muyeso woyenera injini yanu. Paipi yakale ikaphulika pafupi ndi ekizozi yotentha, mwataya galimoto ndi katundu yemwe.

Ntchito imeneyi ili ndi eni ake. Ku Ulaya, ku America ndi ku Joni, anthu amene amasunga magalimoto akale amasewera monga MGB, imene idapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, ndiwo amagula zipangizo zotere. Iwo galimotoyo amaitulutsa Lamlungu dzuwa likawala. Ikakana kulira amaibwezera m'galaja n'kukwera ina. Inu pikapu yanu ikagona masiku atatu, tomato wasanduka msuzi, ndipo tsiku la malipiro kuesiteti silidikira munthu.

Ganizaninso za petulo amene timathira. Mafuta akasowa pamafilingi, tonse tikudziwa kumene timathawira: kuzigubu za m'mbali mwa msewu, zimene zina zimakhala ndi fumbi, madzi kapena parafini. Kabuleta ikatsekeka, mumaima pansi pa mtengo, mnyamata n'kuimasula, kuipemerera, ulendo n'kupitirira. Timabowo ta injekita n'tating'ono kwambiri, ndipo tikatsekeka kapena pampu ikapsa muli pakati pa minda ya tiyi ku Makwasa, mufunika kukokedwa mpaka kumene kuli makina oyezera. Batire likafooka, ya kabuleta anyamata amaikankha n'kulira. Ya injekishoni ikapanda magetsi okwanira kudzutsa pampu ndi kompyuta, mungakankhe mpaka ku Luchenza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono chitani masamu musanatulutse tambala. Dzazani thanki, lembani makilomita, yendani maulendo anu a sabata yonse, dzazaninso, muone malita amene apita. Tiyerekeze kuti ulendo umodzi umadya malita 10 ndipo makaniko akulonjeza kuti muzipulumutsa lita imodzi kapena awiri. Tengani mtengo wa ntchito yonse, muwonjezere chiwongoladzanja cha ngongole ndi phindu la masiku amene galimoto ikhale pagalaja, mugawe ndi mtengo wa malita opulumukawo. Yankho lake ndi chiwerengero cha maulendo amene muyende musanaone phindu. Ngati maulendowo akupitirira zaka zimene bodi ndi giyabokosi zatsala nazo, mwagulira makaniko malata a nyumba yake.

Kawirikawiri kabuleta timainamizira. Galimoto yomwa mafuta mopitirira imakhala ndi matenda otchipa. Sefa ya mpweya yodzaza fumbi la m'misewu ya m'maesiteti imabanikitsa injini. Mapulagi otopa, taimingi yosokonekera, choki yosabwerera, matayala opanda mpweya wokwanira ndi mabuleki ogwira, zonsezi zimadya petulo. Palinso nkhani ya ethanol. Dziko lino lidayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo pano wina amachokera ku PressCane ku Chikwawa. Ethanol amaumitsa ndi kudya malabala akale, amakokanso chinyezi. Kusintha magasiketi, nidulo ndi mapaipi a labala a kabuleta ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa injekishoni. Ubwino wa Nissan 1400 ndi woti idapangidwa ku South Africa mpaka 2008 ili ndi kabuleta yomweyo, choncho zipangizo zake zikupezekabe m'mashopu ndi kwa ophwasula magalimoto ku Limbe ndi ku Ndirande.

Sindikuti injekishoni ndi yoipa. Ngati injini yatheratu, ikufuka utsi ndi kumwa oilo ngati thobwa, apo nkhani yasintha. Koma ngakhale pamenepo, njira yanzeru ndi kugula injini yathunthu imene idabadwa ndi injekishoni, ibwere ndi kompyuta yake ndi mawaya ake, osati kusokerera zigamba pa injini yakale. Imveni ikulira musanalipire. Funsani makaniko akuonetseni galimoto ina imene adaisintha ndipo yatha chaka ili pamsewu, mukalankhule ndi mwini wake nokha. Tengani lisiti yokhala ndi nambala ya injini, mukasinthitse mapepala ku Road Traffic ndi kudziwitsa a inshuwalansi, kuti apolisi apamsewu asakuimitseni ndi katundu wowola. Ntchitoyo muichite nyengo ya chilimwe pamene kuthyola tiyi kwachepa ndipo ndalama m'maesiteti yazilala, osati m'dzinja pamene aganyu adzaza m'minda ndipo malonda atentha.

Mnzathu wa ku Bvumbwe uja tidagwirizana kuti ayambe wasintha sefa ndi mapulagi, atsukitse kabuleta, ayeze malita kwa masabata awiri. Ndalama ya ku banki m'khonde aisiye ku kabichi, kumene imabwerera Lachisanu lililonse. Inunso amalonda anzanga, kope ndi cholembera zikhale m'galimoto sabata ino. Mukapeza malita anu, bwerani nawo tidzawerengere limodzi.